Thumba la Mphepo la pa Bwalo la Ndege

Lolemba, 23 Okotobala 1978

Kutentha kuno ku Makhanga. Nkhuku zangoyasama pansi pa nkhokwe.

Bwalo la ndege latsala pang'ono. Amuna agumula chulu chomaliza. Ife akazi tandanda miyala m'malire, mawa kuipaka njereza.

Poweruka a Hilario, mkulu wa mpingo, anandiitana. Ndimayesa ndalakwa. Ayi. Kalata yochokera kwa a Edmund, mmishonale woyendetsa ndege. Pamodzi ndi kalatayo, nsalu yofiira ndi chithunzi cha pensulo. Akufuna thumba lopachika pamwamba pa nsungwi, loti iwo ali m'mwamba aziona kumene mphepo ikulowera. Popanda thumbalo satera.

A Hilario anati, "Jesinta, msoko wako sutaya ngakhale njere ya mapira. Usoke ndiwe."

Ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Koma mumtima kuvina.

Lachitatu, 25 Okotobala

Ndayeza kanayi ndisanadule. Kukamwa kotakata, kwa mphete ya waya, kenako kumanka kuchepa ngati mono.

Chimodzi chandivuta. Pa chithunzi kumchira sikunatsekedwe. Pali timizere tinayi totulukira kunja. Ndafunsa a Hilario chapansipansi. Kuseka kwake! "Mzungu anatopa kujambula. Unaliona kuti thumba lobooka kunsi? Ku msika wa thonje angakuseke mpaka ku Bangula." Timizereto akuti ndi mphonje zokongoletsa.

Nzoona. Matumba a thonje ndayamba kusoka ndili mwana. Lobooka ndi manyazi a mwini wake.

Lachisanu, 27 Okotobala

Mlamu wanga Helena, mkazi wa achimwene a Lorenso, wakhala nane pakhonde, kundigwirira nsalu. Akuti, "Mlamu, ulusi wonsewu ukusokera ndege, kapena wapeza mwamuna?" Ndinadzibaya ndi singano.

Ali ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi. Chaka chatha, ali ndi pakati pena, Ruo ndi Shire anasefukira n'kukumana, msewu wonse m'madzi. Masiku awiri m'bwato kupita naye kuchipatala. Anabwerako nsalu yoberekera ili chipindire. Sitikamba zimenezo.

A Edmund analemba kuti adzayesa kutera pa 16 Novembala. Zikakanika, mpaka mvula itatha, mwezi wa Meyi, poti bwalo latsopano saliyesa m'dzinja. Ndawerenga pa zala. Meyi ndi kutali, mwana sadikira.

Loweruka, 4 Novembala

Latha! Misoko yonse kawiri, kumchira katatu. Mphonje zinayi, zofanana, ndayeza ndi kamtengo. Ndalisita ndi simbi ya amayi abusa.

Talikweza. Anthu m'manja phuphuphu. Ine kuseri kwa Helena.

Koma silikuima bwino. Likafufuma limagwedezeka uku ndi uku, kenako kudzikulunga ku nsungwi. A Hilario akuti silinazolowere.

Ndinalemba kalata yofunsa a Edmund za kumchira. Ndaing'amba. Chingerezi changa cha Sitandade 6, komanso a Hilario angamve kuti ndawadumpha.

Lachitatu, 15 Novembala

Mawa. Kwaya yaphunzira nyimbo ziwiri zatsopano. A wapampando wa chipani ali ndi mawu okwana mapepala atatu. Mbuzi zonse kuzimangirira, wolekerera yake adzaona. Amayi abusa aphera alendo bakha.

Mpoto wayamba kuomba. Mitambo yakuda cha kumapiri.

Ndapemphera mwachidule: Ambuye, itere basi.

Lachinayi, 16 Novembala

Zachitika zambiri lero. Ndilemba mwandondomeko.

Mbandakucha mvula yoyamba. Sinakhalitse, nthaka inamwa yonse, bwalo louma bwinobwino. Koma thumba langa! Lodzaza madzi, lili lende ngati bere la ng'ombe. Msoko wanga sunataye ngakhale dontho. Palibe amene analiyang'ana, onse maso kumwamba, ng'oma zili pakati.

Cha m'ma teni, kulira kwa ndege. Kakang'ono, koyera. Ntchemberezo nthungululu. Inazungulira kamodzi. Kawiri. Osatsika. Mphepo ikuulutsa mipango ya anthu, thumba lili zii.

Helena anandigwira dzanja. Dzanja lozizira.

Pamenepo ndinakumbukira timizere tija. Si mphonje. Ndi mphepo ikutuluka.

Ndinauza a Hilario. Sanamve, ng'oma. Ndinabwereza. Sanamvebe. Ndege yayamba kulunjika kumene inachokera. Ndiye ndinakuwa, ine Jesinta, pamaso pa abusa ndi a wapampando: "Gwetsani nsungwi!" Ng'oma zinaleka. Mawu anga omwe ndinawadabwa.

Achimwene anathamanga ndi amuna awiri, nsungwi pansi. Ndinayesa kumasula msoko ndi mano. Kosatheka, ndinasoka katatu. Ndinasolola mpeni m'thumba la achimwene, kudula mchira wonse ndi mphonje zake. Madzi khuthu pa nsapato za Lamulungu za a Hilario. Tinafinya, kukweza.

Linangoti nga, kuloza kumwera, ngati chala.

Ndege inatembenuka. Inabwera motsika, kupendeka phiko uku ndi uku, kenako matayala pa nthaka yathu. Fumbi lonunkhira mvula. Kwaya inaiwala nyimbo zonse ziwiri, aliyense kumangoimba yake.

A Edmund ndi aatali, mphuno yopsa ndi dzuwa. Anati akanazunguliranso kamodzi kokha n'kubwerera, chifukwa bwalo lachilendo sungatere mongoganizira. Anafunsa amene anasoka. Anthu anandikankhira kutsogolo. Anatenga mchira uja, kuyesa kukoka msoko, kulephera, kuseka mpaka misozi. Anati, "Msoko wabwino kwambiri, achemwali. Wapitirira ubwino."

A Hilario, nsapato zikulira madzi: "Inetu ndimati ndimuuze zomwezo."

Akazi awo a Edmund, mayi Molly, ndi namwino. Amupima Helena m'chipinda cha kwa abusa. Akuti adzamutenga pa 18 Januwale, akadikirire kuchipatala cha mishoni.

Madzulo ndatsitsanso thumba, ndapinda bwino podula paja. Silikanagona ulusi uli lendelende.

Lachinayi, 18 Januwale 1979

Madzi paliponse. Msewu kulibe. Chimanga cha kudimba chapita. Bwalo lokha lili poyera ngati chilumba, a Hilario anasankha bwino malo okwera, pamenepo ndiwayamike.

M'mawa uliwonse ndimapita kukaona thumba. Lafwifwa pang'ono, koma likuloza.

Ndege yabwera pa nthawi yake. Helena pokwera anatseka maso, kumapemphera m'Chisena mokweza. Ali pakhomo pa ndege anandinong'oneza zikomo wa Chisena, "Takhuta, mlamu." Wanditengera mchira uja m'bokosi mwanga. Sananene chifukwa.

Nyumba yachita zii. Achimwene akungosema mpini umodzimodzi.

Lachinayi, 15 Febuluwale

Abwera! Onse awiri!

Ndege isanaime, pa zenera ndinayamba kuona kanthu kofiira. Mchira uja. Helena waupinda m'mphepete, wasanduka kachipewa. Kakwana ndendende pa mutu wa mwana, mphonje zinayi zili pamwamba penipeni. Wamkazi, wonenepa, kulira kwake koposa injini.

Achimwene anangokhala pansi pa udzu.

A Hilario anayang'anitsitsa kachipewako, kenako kutembenukira anthu: "Mwaona? Ndinanena ine kuti n'zokongoletsa."

Mayi Molly akuti midzi ina iwiri kutsidya ikulambula mabwalo, akufuna matumba ena awiri. Asiya nsalu. Ndawafunsa mafunso atatu, ndekha, osayang'ana pansi. Mwina kamodzi.

Helena akuitana kuti ndikamunyamule mwana. Zala zanga zili ndi inki, ndiyambe ndasamba m'manja.