Nazale Isafike Pamene Anamuika

Dedza, 2 Sepitembala 2009

Achemwali anga a Ezelina,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga chifuwa cha amayi aakulu, a Jenala, chikutani? Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo yandikwiyira.

Loweruka lapitali aphunzitsi anzanga anandinyengerera kuti tikayende m'mapiri. Nditafunsa chomwe tikukatenga, akuti palibe, kungoyenda basi. Achemwali, tinanyamuka pasukulu m'mawa, kukwera, kutsika, kudutsa midzi inayi, n'kudzatulukira pasukulu pomwepo dzuwa litapendeka, opanda ngakhale kamtolo ka nkhuni pamutu! Ine wa ku Wimbe, wozolowera pathyathyathya, ndinali wefuwefu kumbuyo. Mayi wina pachitsime anatifunsa ngati mbuzi zatisowa.

Amatitsogolera ndi bambo Fundo, mlonda wa pasukulu, wobadwira komweko. Midzi yake ndi yakalekale, ina ndi mabwinja okhaokha, mphero zosweka ndi mitengo ya mango yopanda mwini. Koma iwo amadziwa zonse: apa panali nyumba ya auje, apo makolo ankabisala nthawi ya nkhondo. Titafika pamtsinje wina anatipatutsa njira, akuti tisaponde pansi pa mkuyu, chifukwa m'pamene amayi a m'mudzimo ankaika makanda obadwa atafa kale.

Mwana wanga uja mukumukumbukira. Patha zaka khumi ndi ziwiri. Amayi atatu achikulire anamukulunga n'kupita naye kudambo, ine anandiletsa kumuona, kulira ndi kutsatira, monga mwa mwambo wathu. Ndinamvera, sindinafunsepo kanthu. Mwa atatuwo atsala a Jenala okha, ndipo zikundiwawa kuti pamene pagona mwana wanga sindipadziwa.

Ndamva kuti chaka chino alamu alembedwa pa makuponi a feteleza, ndiye akufuna kukuza munda ndi kusamutsira nazale ya fodya kumunsi kwa dambo. Ndakondwa nazo, sindikuletsa ayi. Pempho langa ndi limodzi: asanayambe kutipula mabedi, muwagwire dzanja a Jenala, mutsetsereke nawo pang'onopang'ono akakulozereni malowo. Alamu musawachulutsire nkhani, mungowauza kuti pamenepo khasu lisafike. Mubzalepo ngakhale nkhadze, kuti ndikabwera pa Khirisimasi ndidzapeze poima.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Saulos ndi kwa ana onse. A Jenala muwauze kuti sindikuwaimba mlandu. Akakhala ndi mphamvu zoyankhula, muwafunse pambali ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Tsalani bwino,
ndine mng'ono wanu,
Faustina