Kabokosi ka Gitala ya Bambo

Lachitatu, 12 Juni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Bambo andituma kuti ndikulembereni muwagulire kabokosi kena ka gitala, kopondapo kaja. Uthenga wawo ndapereka. Tsopano mumve wanga.

Paja mukudziwa, akakaponda gitala imasiya kulira mokoma n'kuyamba kubangula mosasa, anthu m'holo n'kupenga nayo. Sabata yatha anabwera kuchokera kokonzekera nyimbo nkhope ili yakugwa, akuti kabokosi kafa, kakukana kuzima, gitala ikungosasa ngakhale asanaponde. Ndinakatengera kwa mkulu wokonza mawailesi uja wa kuseri kwa depoti.

Anakayesa ine ndili pompo. Ali ndi kagalasi koonetsa mawu ngati mzere. Atakhudza nsambo, mzerewo unkakwera ndi kutsika mosalala. Ataponda, nsonga zonse zinaduka n'kukhala zafulati.

"Mwaona, mayi?" anatero. "Kamakankha mawu mpaka agunde denga, opitirira amadulidwa. Kusasa mumamva kuja n'kumeneko. Ndachotsa phazi, onani, abwerera. Palibe chafa apa."

Ndinabwerera ndikusekerera, kupusa kwangaku. Kunyumba, pofuna kuyesa, ndinalumikiza gitala kusipika popanda kabokosi. Bambo anakhudza nsambo imodzi. Mawu oyera, achimwene, ngati belu. Iwo anakwinya nkhope.

"Wamva? Kakusasabe. Mmisiri wakoyo ndi wabodza."

Kabokosiko kanali kadakali m'chikwama changa, paphewa.

Kuyambira pamenepo ndikuona zomwe sindinkaona. Dzana mdzukulu wawo akuimba kubafa, anafunsa kuti ndani akukoka mpando pasimenti. M'mawa uno anandiyang'anitsitsa pakamwa nati, "Iwe, wadwala chimfine? Mawu ako akuphwanyika." Ine ndilibe chimfine. Mukumbukire zaka zonse zija aimirira khutu lili pafupi ndi sipika.

Nditatchula zachipatala anandikalipira, akuti khutu lawolo ndi lomwe latilera tonse, ine ndine ndani kuti ndilinyoze. Loweruka likudzali ali ndi dansi m'holo yaikulu, ndipo anena kale kuti akakweza sipika mpaka pomaliza kuti azidzimva. Ndikuchita mantha, sindikubisirani. Ndikaganiza za mzere woduka nsonga uja, ndimaona kuti makutu awo nawo ayamba kudula mawu chimodzimodzi.

Kabokosi musagule. Bwerani nokha, inu ndiye amakumverani. Zoti muyankhula nawo pafoni ziiwaleni. Lamulungu lija munaimba, anadula n'kunena kuti netiweki ikuvuta. Ine ndinali pambali pawo, ndinkakumvani bwinobwino.

Moni kwa alamu, ana muwapsompsone. Bambo nawo akupereka moni, akuti musankhe kolira bwino. Chonde fikani msanga, akadatha kuzindikira kuti akuyankhulayo ndi mwana wawo.

Ine mlongo wanu,
Chitsirizira