Lamba wa Mpando Wakutsogolo

Mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutaliko pamodzi ndi banja lonse. Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo ikuvuta.

Galimoto yanga ija yapita. Mkamwini wanga anaijambula ndi foni n'kutumiza zithunzi kwa anthu ogula magalimoto pa intaneti. M'mawa mwake kunabwera amuna awiri ndi lole. Sanakhale pansi, ngakhale madzi akumwa sanapemphe.

Ine ndinkafuna kuigulitsa kwa munthu woti ndimuone m'maso, chifukwa panali zoti ndimuuze. Chimwalirireni alamu ako, kabelu kokumbutsa lamba kankalira ndikangoliza injini, ngati kuti pampando wawo pakhala munthu. Makaniko anafufuza, osapeza vuto. Ndiye ndinkangomanga lamba pampando wopanda munthuwo, kabelu n'kukhala chete, ulendo n'kuyambika.

Nditayamba kuwafotokozera amuna aja, mkamwini anandidula. "Bambo, musatigwetsere mtengo. Ndi waya chabe ameneyo."

Mmodzi anamasula lambayo kuti ajambule mpando. Anaikweza pa lole, injini yozima, makiyi ali m'thumba mwake, koma kabelu kankalirabe mpaka anatuluka pageti.

M'nyumba muno tsopano muli zii, kuposa tsiku lomwe tinabwerako kumanda.

Akuti magalimoto akagula amawaikanso pa intaneti. Uwauze ana ako aifunefune. Akaipeza, andionere ngati lamba wakutsogolo ali womanga. Paja alamu ako sankakonda kuyenda ndi anthu osawadziwa.

Ndine mkulu wako, wotsala yekha pakhomo.