Mgolo Wachikasu Kuseri kwa Khitchini

Lolemba, 9 Malichi

Wailesi m'mawa. Boma ndi kampani ya mgodi wa yureniyamu akokerana kukhoti kunja, chifukwa cha migolo ya zinyalala zapoizoni imene inasowa pa lole mumsewu wathu uno. Yachikasu, chizindikiro chakuda cha mapiko atatu. Tsache linandigwa m'manja. Wotero uli kuseri kwa khitchini yanga. A Ezekiele anaugula kwa dalaivala pa Golomoti chaka chatha. Amuna anga awa, chotchipa sichiwadutsa.

Lachinayi, 12 Malichi

Abwera anthu awiri a boma ndi kamakina. Pafupi ndi mgolo kanayamba kulira ngati nkhululu, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Azunguliza chingwe chofiira, ati tisausunthe, ndi umboni wa kukhoti. Adzautenga mlandu ukatha. Liti? Sakudziwa. Kampani ikuloza boma, boma likuloza kampani.

Anafunsa timasungamo chiyani. Ndinati madzi ochapira. Bodza la mkunkhuniza, ine Helena wophunzitsa katekisimu.

Loweruka, 14 Malichi

Zoona zake, mu Disembala munali thobwa la chinkhoswe cha mwana wanga Felesita. Mudzi wonse unamwa, akuchimuna a ku Mtakataka mpaka kutengera m'zigubu. Pano Felesita ndi woyembekezera, miyezi itatu.

A Ezekiele ati nditseke pakamwa. "Akuchimuna akamva, mwanayu atibwezera." Ndili ndi mantha.

Lachitatu, 25 Malichi

Felesita akusanza. Anamwino ati n'za pakati chabe. Za mgolo sindinatchule. Chingwe chofiira mbuzi zadya.

Lachisanu, 27 Malichi

Kalata yochokera kuboma. Madokotala adzayeza okhawo amene anadya kapena kumwa za m'migolo, mayina afike pofika Lolemba. Ochapira ayi. Bodza langa lomwe lam'tsekera mwana wanga khomo. A Ezekiele awerenga, n'kupita kumunda wa mpunga.

Lamulungu la Kanjedza, 29 Malichi

Misa itatha ndinapempha Bambo Mfumu mphindi ziwiri. Ndinapita kutsogolo. Ndinati amene anamwa thobwa langa pa chinkhoswe chija aimirire. Anaimirira pafupifupi onse, akuseka, kuyesa ndikufuna kuthokoza. Apongozi a Felesita analuluta.

Felesita nayenso anaimirira, dzanja pamimba, akundimwetulira. Ndinatsegula kope, n'kuyamba ndi dzina lake.