Njira ya Ana Aitseka ndi Njerwa

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tikudzuka ndithu, kungoti ine mtima suli m'malo, ndipo ndikapanda kukuuzani inuyo ndiphulika.

Ndiyambe ndi zabwino, mungati mwana uyu amandikumbukira zikavuta pokha. Apongozi anu, akazi a achimwene Lemani, anachira mwezi watha, mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, ndiye akamalira timachita manyazi kumukalipira, timangoti pepani amayi. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula. Nandolo ndiye wabereka zedi. Kalongonda wanu uja ndinabzalanso, koma kuphika kwake kukundikanikabe. Ndimataya madzi kambirimbiri monga munkachitira, koma ana akalawa amangoyang'anana.

Tsopano nkhani yandikhazika pansi ndi ya Takondwa, mdzukulu wanu, chisamba changa. Sabata ino yonse sanapite kusukulu, ndipo akuti sadzapitakonso. Mwana amene munkamutama kuti adzatiwerengera makalata a kuchipatala uja, lero akungokhala pakhonde kusenda nandolo.

Mukukumbukira njira ya ana ija, yodutsa kumapeto kwa munda wanu n'kukatulukira kuseri kwa sukulu? Chaka chilichonse munkasiya mizere osalima kuti ana azidutsa. Ife tikamadandaula kuti akuthyola misinde, inu munkati, "Chimanga ndidzabzala china chaka chamawa, koma mwendo wa mwana sindingaubzale." Tinkaseka. Ndiye mvereni zimene zachitika. Amalume a Sikelo, achimwene anu enieni, anagulitsa chigawo chimenecho kwa bwana wina wa m'tauni, ife osadziwa. Masiku ano aliyense wa ku Blantyre akufuna puloti cha ku Chileka kuno. Bwanayo anabwera ndi amisiri, n'kumanga chimpanda cha njerwa, pamwamba n'kuikapo mabotolo osweka. Mkatimo mulibe ngakhale khola la nkhuku, Amayi, muli udzu wokhawokha. Koma njira ya ana ili mkati momwemo.

Chitsekereni njirayo, ana akuzungulira kumsewu wa tala, uja wopita ku Lirangwe. Inu mukuudziwa. M'mbali mwake munadyeka, poponda palibe. Mathiraki amadutsa mpaka nthaka kunjenjemera, maminibasi akulimbirana anthu, njinga zamoto zikungotulukira paliponse. Ndiye mmenemo muziyenda tiana ta sitandade wanu, tikukankhana, tikuseweretsana?

Lachisanu lapitalo minibasi ina inkapitirira thiraki, n'kutsikira kumbali kumene kunali ana. Takondwa anadziponya m'ngalande. Bondo linang'ambika, yunifolomu nayo, chigongono chonse kusupuka. Dalaivala sanaime n'komwe. Anzake akuti kondakitala anangotulutsa mutu pawindo n'kutukwana, ati ana opanda eni. Opanda eni! Chilonda chikupola, koma mwanayu akangomva hutala, ngakhale ili kutali, amandigwira chitenje. Ndikamuuza za sukulu amangoti, "Amama, kumsewu kuja ayi." Ndimukalipire bwanji? Akunama?

Achimwene Lemani anagula njinga yamoto, akupanga kabaza. Atamva anabwera akumwetulira, ati, "Achemwali, osadandaula, ndizimunyamula ine." Amayi, mukanaona mmene amawanyamulira ana a eni! Wina pathanki, ena kumbuyo mothinana, womaliza matako ali panja, chipewa choteteza mutu palibe ndi mmodzi yemwe. Ndinawauza kuti zikomo, wanga ndinabereka movutika. Anakwiya, mpaka lero moni akuyankha ndi mphuno. Koma ine zimandiwawa. Inu munkatiuza kuti agogo anu anachoka ku Mozambique wapansi, ana kumsana, mitolo pamutu, mpaka kufika kuno. Tikapempha ya basi kupita kumsika munkangoti, "Mwendo sufuna petulo." Lero zidzukulu zawo zikulephera kufika pasukulu imene belu lake timalimva tili pakhomo.

Madzulo a tsiku la ngoziyo kusukuluko kunali msonkhano wa makolo. Aphunzitsi aakulu analankhula bwino ndithu. Anati ana aziyenda wapansi, thupi limalimba, amafika m'kalasi tulo titatha, ndipo tisiye kuwaunjika panjinga zamoto. Zoona zokhazokha. Koma ine ndinaimirira, ndinati, "Aphunzitsi, kuyenda sitikukana. Ayende kuti?" Anthu anawomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Tinagwirizana kuti Loweruka aliyense abwere ndi khasu ndi chikwanje, titsegule njira ina yolambalala chimpandacho, kudzera kukhwawa.

Loweruka lake ndinafika ine ndi mai a Joyisi, aneba athu aja. Basi. Owomba m'manja onse aja, wina ati ndapita kumsika ku Mdeka, wina ati kuli kwaya, wina msana. Tinayesa awiriwiri, koma kukhwawako ndi minga ndi chitedze chokhachokha. Tinabwerako tikudzikanda mpaka m'khosi, njira osafika ndi pakati pomwe. Ndinalira, Amayi, osati chifukwa cha chitedze.

Ndiye Lachiwiri kunagwa maliro, a Mpinga aja a kutsidya anatisiya. Bwerani mudzaone! Kusanatenthe n'komwe mudzi wonse unali utatuluka. Wa msana uja anali patsogolo ndi chikwanje. Makasu amene anasowa Loweruka anapezeka onse. Njira ya kumanda anailambula yonse, zitsa kuzula, maenje kukwirira, pokhwawa kuyalapo mitengo kuti onyamula bokosi asaterereke. Mundikhululukire, Amayi, sindikunyoza inu muli kumeneko, ndipo nanunso anakulambulirani chimodzimodzi, tinathokoza. Koma zinandinyansa. Munthu amene sapondanso pansi tikumukonzera njira yosalala, ana amoyo tikuwatumiza kumathiraki.

Tsono poperekeza malirowo ndinaona chinthu. Njira ya kumandayo, ukapanda kukhota kulowa m'mitengo, ukangotsata m'mphepete, umatulukira pamunda wa chinangwa, ndipo kuseri kwake ndi bwalo la mpira la sukulu. Denga ndinaliona ndi maso angawa. Kulibe galimoto, kulibe njinga. Kangotsala kachigawo kochepa koti munthu mmodzi atha kulambula.

Ndinapita kwa amalume a Sikelo, poti ndiwo eni mbumba, kuti akatilankhulire kwa akuluakulu. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Iwe, ana sadutsa kumanda. Azikaloza mitumbira, azikalota zoopsa, akadwala udzati chiyani? Mwambo umenewu sunayambe ndi iwe." Ndinati, "Amalume, nanga wogulitsa njira ya ana unayamba ndi ndani?" Anatola chipewa n'kulowa m'nyumba. Ndikudziwa, mukanakhalapo mukananditsina kuti mkulu sayankhidwa choncho. Koma mukanakhalapo, njerwa zija sizikanafika.

Mwambo ndikuudziwa, ndipo sindikuupeputsa. Inu nomwe munandiphunzitsa kuti kumanda sulowa wopanda chilolezo, suloza ndi chala, sutolako nkhuni. Ine sindikufuna kuti ana alowe. Ndikufuna adutse kunja, m'mbali. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo ndikayika mbali iyi maloto oopsa, mbali iyi thiraki, ine ndikusankha maloto. Mwana wolota zoopsa ndimudzutsa, ndimupatsa madzi, agonanso.

Dzulo ndinakalambula kachigawo kotsala kaja ndekha. Anthu odutsa ankangondiyang'ana, wina anachita kulavula. Mawa kutchalitchi ndikudziwa ndikhala nkhani. Mai a Joyisi akuti awo abwera nawo, ena akuti ayambe aona kaye ngati wanga adzuke bwino. Aone. Mwina amalume akandisumira, mwina adzaikapo minga. Akaika ndidzachotsa.

Ndiye chilolezo chimene andikaniza amoyo ndikupempha kwa inu. Mtumbira wanu ndi umene uli kumapeto kwenikweni, pafupi ndi njirayo, pansi pa mtengo wa mthethe. Muwauzeko anzanu kumeneko, ndi a Mpinga omwe afika kumenewa, kuti asakwiye. Si chipongwe, ndi ana akupita kusukulu. Ndawalangiza kuti pofika pamenepo asamathamange, asamaimbe, manja azisunga m'matumba. Koma ndi ana, Amayi, mukuwadziwa, phokoso silingalephere.

Takondwa ndinamuuza za njira yatsopanoyi. Kenako anafunsa ngati kumeneko kumadutsa minibasi. Ndinati ayi. Anafunsanso kuti, "Nanga agogo ndikawapatse moni, kapena nazonso n'zoletsedwa?" Ndinangomuuza kuti apereke chapansipansi. Wachapa yekha yunifolomu, ndasoka pong'ambika paja.

Choncho Lolemba m'mawa mukamva timapazi ndi kamawu kakuti mwadzuka bwanji agogo, musadzidzimuke. Ndi ife. Ine ndidzakhala pambuyo pawo ndi khasu, ndipo ndikukulonjezani kuti ndidzawaperekeza tsiku lililonse mpaka udzu utazolowera kuti pamenepo ndi panjira. Pamene maso anga sakufika, muziyang'anako inuyo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani koopsa.

Ine mwana wanu,
Eneresi