Ndasankha Kukhala ndi Mwana, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Kuno tilipo. Mvula inachedwa chaka chino, komabe fodya wachita bwino, zigafa zadzaza. Akazi a achimwene Yosefe abereka mwana wamwamuna, mphuno yake ngati yanu. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, ndipo achimwene akungoti mawa, mawa, monga mukuwadziwira.

Koma nkhani yomwe ndakhalira pansi ndi yanga. Mukukumbukira diso langa lamanzere lija linachita chifunga chaka chomwe munadwala, inu n'kumati ndi fumbi la fodya? Silinali fumbi. Titakuikani, dzanja linayamba dzanzi, moti posoka fodya singano inkagwa ine osamva. Kenako mwendo unayamba kukoka. Kuchipatala cha pa boma ananditumiza ku Lilongwe, komwe anandijambula m'mutu ndi makina. Adokotala anati matendawa amatchedwa MS. Akuti asilikali a m'thupi mwanga, omwe amayenera kunditeteza, asokonezeka ndipo akulimbana ndi mitsempha yanga yomwe. Matendawa sachizika, mankhwala amangowagonetsa. Amabwera osagogoda, n'kuchoka osatsanzika. Miyezi ina ndimalima ngati wina aliyense, koma dzuwa la Okutobala likafika ndimayenda ndi ndodo.

Ndi thupi lomweli, Amayi, ine ndi amuna anga a Banda tikufuna mwana.

Apongozi anga aakazi sanakondwe. Ndinawamva akufunsa mwana wawo kuseri kwa nkhokwe kuti, “Mkazi wogwa yekha pabwalo angabereke khanda kumbuyo?” Anamuuza kuti ayang'ane kwina. A Banda anangoyankha kuti, “Mayi, ine ndinakwatira kale.” Simunalakwe pomwe munkati munthuyu salankhula zambiri koma sasuntha.

Tinapita limodzi kwa adokotala aja, ndipo sanatibise kanthu. Mankhwala omwe ndinkamwa akhoza kuvulaza mwana m'mimba, choncho ndiyenera kuwasiya n'kudikira kuti atuluke m'thupi tisanayese. Anati amayi ambiri matendawa amawapatsa mpata akakhala oyembekezera, koma akabereka matendawo amatha kudzuka ndi ukali. Ndinafunsa ngati mwana angatengere. Anati sizichitika kawirikawiri. Ndinafunsanso ngati ndidzakhala ndikuyenda mwanayo akamadzayamba sukulu. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sakudziwa, ndipo palibe amene angadziwe.

Pobwerera tinakwera minibasi. Ndinkangoyang'ana dzanja langali, n'kumaganiza zoti lingadzataye khanda monga limatayira singano. Ndinkafuna inu, kuti mundikalipire kapena mundilimbitse mtima. Chomwe chinandibwerera ndi mawu anu aja, pomwe tinkadandaula ndi ntchito yookera fodya: walira mvula, walira matope. Ine mvulayo ndailira ndithu. Ndiye ndayamba kukonzekera matope ake.

Fodya wamame sindikumugwiranso, amandichititsa nseru ndi chizungulire. Ndatenga munda wa mtedza wa kuseri kwa nyumba, ndipo ndimalima m'mamawa dzuwa lisanakwere. A Banda adula miyendo ya bedi kuti likhale lalifupi. Ndimapita kwa achimwene kukaphunzira pa khanda lawo lija: kulisambitsa nditakhala pamphasa, kulinyamula ndi mkono wonse osadalira zala. Tsiku loyamba mlamu wanga anakhala pafupi nane osachokapo. Pano amandisiyira mwanayo n'kupita kumjigo.

Chovuta koposa chinali kupempha. Munatilera kuti tisamatambasule dzanja pakhomo pa wina, koma apa ndaphwanya lamulo lanu. Ndinapita ku Nkhamenya kwa Esinati, chitsirizira wanu, n'kumuuza zonse. Sanandilole kumaliza. Wati ndikadzangobereka adzabwera kudzakhala nafe mpaka thupi litakhazikika.

Mankhwala aja ndasiya, ndipo adokotala akundiyang'anira. Mantha alipo, sindikunamizani. M'mawa uliwonse ndimayamba ndagwedeza zala zakumapazi kuti ndione ngati zikundimvera. Koma maganizo sindisintha.

Ndikukulonjezani ichi. Mulungu akalola, tidzabwera naye kudzasesa pamanda panu. Akadzakhala pamsana panga, zikomo. Mukadzamuona pamsana pa Esinati, ine ndikubwera pang'onopang'ono m'mbuyo, musadzandimvere chisoni. Ndidzafika, ndipo ndidzamuuza ndekha dzina lanu.

Ndimakukondani monga kale,
mwana wanu Agnesi