Kalavani ya Abambo Yakhala Panjerwa

Río Cuarto,
14 Malichi 2023

Okondedwa achemwali Griselda,

Ndikhulupirira muli bwino ku Valencia kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Pafoni ndinakuuzani kuti za abambo zayenda bwino. Ndinanama, ndiye ndati ndilembe, poti pepala silidula munthu mawu.

Mukudziwa kuti chimwalirireni amayi, nyumba itagulitsidwa, abambo akhala akugona m'chipinda cha alendo kwa achimwene Osvaldo. Nyimbo yawo inali imodzi: galimoto yogonamo, ya bedi ndi mbaula mkati, yoti aziyendetsa okha. Ankati zaka makumi anayi ananyamula ng'ombe za eni palole, tsopano adzinyamule okha mpaka kumwera, akaone anamgumi ku Puerto Madryn. Mapu anagula kale, malo onse ogona n'kuwazunguliza ndi cholembera chofiira.

Masabata awiri apitawo tinapita kwa wogulitsa, ine, abambo, achimwene ndi akazi awo a Mabel. Abambo anangofikira pampando wa galimoto ina yoyera, manja pachiwongolero, mano onse panja. Kumwetulira kotero ndinakuona komaliza amayi ali moyo.

Apo a Mabel anayamba. "Apongozi, imeneyo ndi yopanikiza. Taonani kalavani yokoka iyi! Bafa lake, makatani ake, mwati si hotela imeneyi?"

Achimwene nawo: "Ilibe injini yovutitsa, bambo. Mukafika pamalo mumangoimasula, galimoto n'kupita kokagula buledi."

Kenako onse anatembenukira kwa ine. Achemwali, apa ndiye pondinyansa. Ndinati, "Zoona bambo, kalavani ndiye yabwino." Ine amene, ndi pakamwa panga pomwe! Achimwene anali atandiimbira dzulo lake, ati munthu wa zaka 76 asamayende yekha misewu ya kumwera, ati ndikatsutsa ndiye abambo akadzavulala wodzawasunga ndine. Ndinaganiza za kanyumba kanga ka chipinda chimodzi, n'kuvomera.

Abambo anatsika, n'kutuluka panja pomwe tinaimika magalimoto athu. Anapita kumbuyo kwa ya achimwene, n'kuwerama, mawondo akulira. Anapitanso kumbuyo kwa yanga, n'kuwerama. Atadzuka anapukuta manja pathalauzi.

"Nanga chitsulo chokokera chili pagalimoto ya ndani?"

Wogulitsa anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Tidzaikitsa, bambo, ndi ntchito ya tsiku limodzi," anatero achimwene, osaphethira n'komwe.

"Chabwino," anatero abambo. "Tengani yomwe mwakonda."

Kalavani inabwera itakokedwa ndi galimoto ya wogulitsa yemweyo. Lamulungu lapitali achimwene anatiitana kukadya nyama yowotcha, ati chikondwerero. Nditazungulira kuseri ndinaipeza itaima pakati pa khola la nkhuku ndi chingwe choyanikapo zovala. Pansi pali simenti youma gwaa, ndipo mnansi wandiuza kuti inathiridwa mu Januwale, tisanapite n'komwe kwa wogulitsa. Waya wa magetsi analumikiza kale. Matayala anachotsa, kalavani yakhala panjerwa.

"Matayala amawonongeka ndi dzuwa," anatero a Mabel akundipatsa mbale. "Tawasunga bwinobwino m'galaja. Idyani mlamu, izizira."

Ndinaluma kamodzi, mbale n'kuiika pambali. Achimwene ali pamoto, tambula ya vinyo m'manja, akuuza anansi kuti, "Ife makolo sititaya kunyumba za okalamba ngati anthu ena." Anansiwo n'kumagwedeza mitu kuyamikira! Zinandinyansa. Koma ndikanalavulira ndani, poti mawu omaliza ndinanena ndine?

Ndinakalowa kwa abambo. Ndinawapeza pawindo akumwa tiyi wathu uja wa mate, maso ali pampanda. Anandithirira madzi m'chikho chawo, ndinamwa, tinapatsirana kangapo. Mapu aja awayala patebulo m'malo mwa nsalu, ketulo yakhala pamwamba pake.

Ndinati, "Bambo, ndiikitsa chitsulo pagalimoto yanga. Tipita tonse mu Seputembala, anamgumi akabwera."

Anaika chikho patebulo. "Nélida, kagalimoto kako sikangakoke ndi wilibala yomwe. Usadzivutitse, mwana wanga. Ndagwira ntchito ya lole moyo wanga wonse. Katundu akafika potsitsira ndimadziwa."

Ndinabwerera kwanga osatsanzika aliyense.

Achimwene akutumizirani zithunzi za mkati, makatani ndi maluwa a pulasitiki. Musanayamikire, muwauze ajambulenso pansi. Ndipo chonde muwaimbire, poti inu amakuopani. Galimoto yoyera ija ndinaiona dzulo, ikadali pamalo pake, ndipo wogulitsa akuti kusinthana n'kotheka mwezi uno usanathe. Ine ndinayesa kuwauza achimwene, anangondikumbutsa zomwe ndinanena tsiku lija.

Mupereke moni kwa alamu a Joaquín ndi ana. A Mabel akuti ndikupatseni moni, ndiye ndapereka, muona nokha chochita nawo. Abambo akuti muziwalembera kalata yapamanja monga kale. Akuti ikhale pakeyala ya kwa Osvaldo, ndipo musade nkhawa kuti iwaphonya. Tsiku lililonse ingafike, iwapeza.

Ndine mng'ono wanu wamanyazi,
Nélida